Ya Wamkulu Kapena ya Mwana?

Amene adamupeza Benson adali amayi opita kukatunga madzi m'dambo la kumunsi kwa Nsaru, pambali pa njira ya ku Kabudula. Adamumenya ndi chinthu cholemera kuseri kwa khutu. Njinga yake idali chigonere pa udzu, nsapato zili kuphazi, chipewa chili pomwepo. M'chikwama mokha ndimo mudalibe kanthu, mapepala onse adachotsamo. Ndipo wakuphayo atamaliza ntchito yakeyo adamufunditsa nsalu yoyera yatsopano kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuipisira bwinobwino m'mbali kuti mphepo isaivundukule.

Chidali chaka cha 1938, msika wa fodya utangotsekedwa. Ine Mathias ndidali kopolo wa polisi pa Boma la Lilongwe. Benson adali mnyamata wophunzira wa ku Blantyre, wolembedwa ntchito ndi kampani ina ya ku Limbe yogulitsa katundu wa m'masitolo. Ntchito yake idali kuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu zimene amagula ndi zimene angakonde kugula. Mphekesera idali yoti kampaniyo ikufuna kutsekula sitolo yake pa Nsaru.

Bwana wanga, mzungu wofiira m'khosi amene sindimutchula dzina, adafika pa galimoto, n'kuyang'ana mtembo kamodzi kokha, n'kufunsa mafunso awiri basi. Nsalu yotere imagulidwa kuti? Kusitolo kwa Che Kassimu. Nanga ndani adakangana naye malemuyu? Che Kassimu yemweyo, msika wonse udaona akumukankhira kunja kwa sitolo. Kwa bwana mlandu udathera pomwepo: wa sitolo wapha munthu wodzamulanda malonda. Dzuwa lisadapendeke, Che Kassimu adali kumbuyo kwa galimoto, unyolo uli m'manja. Masiku amenewo mlandu wakupha umathera ku Zomba, pa chingwe.

"Iwe tsala," bwana adandiuza. "Tenga maumboni kuti mlandu uoneke bwino."

Mlandu uoneke bwino. Ndidakwiya, koma kopolo amakwiyira mumtima. Wakuba sasiya njinga, ndipo wa sitolo amene ndimamudziwa ine sangataye nsalu yatsopano pa mtembo wa mdani wake kuti dziko lonse limuloze chala. Bwana akuyatsa kaliwo wake, ndidapita kumbuyo kwa galimoto.

"Che Kassimu, nsalu ija ndi ya m'sitolo mwanu?"

"Ndi yanga, bwana Kopolo. Kuno kulibe wina amagulitsa."

"Munagulitsa kwa yani?"

Adayang'ana khamu limene lidazinga galimoto, kenaka adagwetsa nkhope. "Nsalu ndimagulitsa kwa aliyense wobwera."

"Mukudziwa kuti akakupachikani?"

"Allah ndiye adziwa."

Ndidali nditawaona abodza ambiri pa ntchito imeneyi, ndipo onse amanama kuti adzipulumutse. Uyu bodza lake limamukokera ku chingwe, ndiye kuti padali munthu amene amamubisa.

*

Benson amagona m'kanyumba ka kuseri kwa mayi Sabina, ophika mowa pa Nsaru. Ndidawapeza akuyanika chimera. Mayi amenewo sadafune kufunsidwa kawiri. Pakamwa pawo pamayamba pokha ngati mvula ya m'malimwe.

"Mwana waulemu, a Kopolo, waulemu zedi! Kachasu ayi, akazi ayi. Vuto lake mafunso basi. Poyamba amayesera pa ine, eti kuti aone ngati akumveka. 'Mayi, mchere mumagula kangati pa mwezi?' Ine ndati, mwana wanga, mchere timagula ukatha, ndani amawerenga? 'Mayi, kodi sopo uyu si wabwino kuposa amene mumachapira?' Nanga munthu wakugwiritsa sopo wake m'manja, ungamuuze kuti ngoipa? Ndati ndi wabwino. Abwera ndi wina, ndati wabwinonso. Akadabwera ndi njerwa ndikadati ikuchita thovu."

"Mafunsowo amapeka yekha?"

"Iyayi! Adalemba ndi mzungu wa ku Limbe ndi kalaliki wake, anthu oti m'mudzi sadagonemo. Iyeyu amadandaula tsiku ndi tsiku. Akuti adawapempha kuti ena asinthe, iwo n'kumuuza kuti funsa monga momwe talembera, mawu omwewo pa nyumba iliyonse, kuti mayankho tidzawaike pamodzi. Ndipo pepala likapita ndi malo osadzaza amalibweza, osamulipira. Ndiye amakakamira, a Kopolo. Munthu ungokhala chete, iye pensulo ili m'manja, akudikira."

"Tsiku lomaliza adati akupita kuti?"

"Adati watsala ndi midzi ya njira ya ku Kabudula. Adadzuka m'mamawa, ndidamupatsa mbatata yootcha. Basi."

"Nanga Che Kassimu munawaona tsiku limenelo?"

"Amenewo amachoka pa sitolo? Ndidapita kukagula machesi dzuwa lili pamutu, adali pomwepo akukangana ndi munthu za mtengo wa khasu. Koma mzungu wanu uja adandifunsa ine? Mayi wa mowa amafunsidwa ngati?"

Ndidawapempha kuti anditchulire mafunso onse, poti mapepala adasowa. Adawatchula ngati nyimbo: mchere, sopo, makasu, nyali, bulangete lofiira kapena la mizere, mkanda wa mtundu wanji. Adafika pa nsalu za akazi, n'kuima. Adayamba kusalaza chimera chimene chidali chosalala kale.

"Atha?"

"Latsala limodzi."

"Nenani."

"Limenelo ndidamuuza kuti asadzalinenenso pakhomo panga." Adayang'ana kukhonde kumene zidzukulu zawo zimasewera. "Ndili ndi ana pano, a Kopolo. Kafunseni kwina."

*

Ndidapalasa njinga kutsata midzi imene Benson adayendamo. Amayi amandithawa poona yunifomu, amuna amayamba kulumbira za msonkho ndisanatsekule pakamwa. Munthu woyamba kundilankhula bwino adali Lufeyo, bambo wowonda amene ndidamupeza ali pamwamba pa nkhokwe ya apongozi ake akufolera.

"Ee, adafika pano," adatero atatsika. "Akuti, 'Ndifuna mutu wa banja.' Ndati apongozi ali kumunda. Akuti, 'Iyayi, pepala likunena bambo wa pakhomo.' Ine mutu wa banja! A Kopolo, pano ndine mkamwini, ngakhale nkhuku zikudziwa. Koma adandikhazika pampando, n'kumandifunsa za mchere ndi mikanda, zinthu zoti ine ndimangoziona zikudutsa."

"Inu mumayankha chiyani?"

"Ee. Zonse ee. Nyali mungagule? Ee. Njinga? Ee. Mlendo ndi mame, ungomuyankha zomukomera azipita. Ku Limbeko akaganiza kuti pano pali mfumu ya chuma."

Adaseka, koma nditafunsa za funso lomaliza kuseka kudazima. Adandikokera kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi akazi.

"Adawerenga pa pepala, maso osandiyang'ana. Akuti, 'Kodi pakhomo pano padzafunika nsalu yoyera mvula isanagwe? Ngati idzafunika, idzakhala ya wamkulu kapena ya mwana?'"

Ine ndidakhalako ku Limbe, ndipo ndidadziwa pomwepo chimene wolemba funsoyo amafuna. Kumeneko nsalu yoyera amasokera malaya a ana a sukulu ndi a antchito a m'nyumba za azungu, ndiye amafuna kudziwa yoti atumize yochuluka bwanji. Koma kwathu kuno, m'zaka zimenezo, munthu wa m'mudzi amagula nsalu yoyera pa chifukwa chimodzi chokha: kukulunga maliro. Kufunsa khomo la eni kuti lidzafuna ya wamkulu kapena ya mwana kudali kufunsa kuti pano afa ndani. Amati safunsa adadya phula, koma amene adanena mwambi umenewu sadamvepo funso ili.

"Ine ndidangoti kukamwa yasa," Lufeyo adapitiriza. "Apongozi atamva adasesa pamene adakhala munthuyo, n'kuwazapo phulusa. Ife tidapulumuka, pakhomo padalibe wodwala. Koma atachoka pano adawoloka kupita kwa Ezeliya."

"Kwa Ezeliya kudali chiyani?"

"Mwana adali gone. Kamtsikana kawo, Febe. Thupi kutentha ngati mbaula."

"Pano ali bwanji?"

Lufeyo adatola udzu wake pansi, n'kuyamba kukwera makwerero. Adayankha ali chofulatira.

"Tidaika."

*

Ndidabwerera ku Nsaru kaye. Sitolo ya Che Kassimu idali yotseka, ndipo pachitseko wina adali atapakapo ndowe. Mkazi wake, mayi Faida, adatsekula pang'ono chitseko cha kuseri, nsalu ili kumutu, maso otupa. Banja lawo lidachokera kunyanja kalekale, koma pa Nsaru adali adakali obwera, ndipo tsiku ngati limenelo amakumbutsidwa.

"Mayi, amuna anu adakangana chiyani ndi Benson?"

"Anthu akuti za sitolo yatsopano. Bodza." Mawu awo adali apansipansi, olankhula mosamala. "Iye adabwera kudzafunsa abambo kuti nsalu yoyera imayenda bwanji. Abambo atamva mmene akufunsira m'midzi adamudandaulira. Adati, ngati mabwana ako akufuna kudziwa, andifunse ine, ndiwauza kuti chaka chonse ndimagulitsa yochuluka bwanji, palibe chifukwa chokaopsezera anthu m'makomo. Adamuuzanso njira ina, kuti funsa kuti ana a sukulu alipo angati, malaya mumasoketsa kuti. Iye akuti sangasinthe ngakhale liwu limodzi, amuchotsa ntchito. Abambo mtima udawapsa, ndiye adamukankhira kunja. Amamulanditsa, bwana. Wallahi amamulanditsa."

"Nsalu imene idali pa mtembo adagula ndani?"

Adayamba kukankha chitseko kuti atseke.

"Mayi, amuna anu akukana kunena. Mukakhalanso chete inu, palibe wina adzanene. Bwana wanga wamaliza kale kuganiza."

"Adandiletsa. Akukwera galimoto adandiyang'ana, ndidamva." Misozi idayamba kutsika koma mawu sadasinthe. "Akuti ife tidya kwa anthu amenewa. Wa sitolo amene wapereka namfedwa kwa azungu, ndani adzalowenso pakhomo pake? Akuti Allah aona yekha. Koma ine ndili ndi ana, bwana Kopolo. Sitolo ingathe kutsekedwa, bambo wa ana sagulidwa."

"Ndani?"

"Tsiku limene kamwana ka Ezeliya kadamwalira, adabwera mlongo wa Ezeliyayo, Davie. Ndiye mwini mbumba, poti mwamuna wa Ezeliya adapita ku Halale osabweranso. Adati nsalu ya maliro. Abambo adayeza ya mwana, mkwamba ndi kachidutswa, n'kudula. Davie adailandira. Kenaka akuti, 'Yezaninso ina.' Abambo akuti, ya yani? Akuti, 'Ya wamkulu.'"

"Amuna anu adayeza?"

"Adaganiza kuti mwina kuli wodwala wina. Munthu wolira sumufunsa zambiri." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "M'mudzimo simudafe wamkulu aliyense, bwana."

*

Ezeliya ndidamupeza pakhonde, mutu wometedwa kumene, akusenda nsawa zoti palibe amazidya. Pakhomo padali zii. Sadathawe yunifomu, sadandipatsenso mpando. Ndidakhala pansi.

"Pepani ndi zovuta, mayi."

"Zachitika."

"Munthu wa mafunso uja adafika pano?"

"Adafika. Mwana ali pamphasa apa, pamene mwakhalapo. Ndimamupukuta ndi madzi." Amalankhula ngati akunena za anthu ena. "Ndidamuuza kuti tili ndi matenda. Akuti sachedwa. Mchere, sopo, ndimangoti ee kuti apite. Ndiye adanena zija."

"Inu mudayankha chiyani?"

"Mungayankhe inu?"

Adatola nsawa ina, n'kupitiriza.

"Ndidangomuyang'ana. Iye thukuta kamukamu, akuti, 'Mayi pepani, ndi pepala, sindingasiye malo osalemba.' Ine chete. Achimwene adali apo akusema mpini, adasiya. Ndiye munthu uja adayang'ana uku ndi uku, adaona mwana pamphasa. Akuti, 'Pajatu muli ndi mwana. Ndingolemba ya mwana.' Adalemba, ine ndikuona ndi maso angawa. Adatsazika mwaulemu, n'kukwera njinga."

Adaika nsawa pansi.

"Febe adali atayamba kumwa phala tsiku limenelo. Adali atayamba kumwa, a polisi. Atamulemba sadamwenso."

Ndidafuna kumuuza kuti malungo salembedwa ndi pensulo, kuti mnyamata uja amangothawa kubwezeredwa pepala, kuti m'mutu mwake mudali kamalaya ka sukulu. Koma mawu otere ungamuuze mayi amene tsitsi la maliro silidamere? Chimene ndidamva ndi ukali, ndipo sudali wa pa Benson kapena pa Davie. Udali wa pa munthu wokhala pa mpando wofewa ku Limbe, amene adalemba funso lake atamwa tiyi, osaliyesa ngakhale pa wophika wake.

"Davie ali kuti?"

"Mukamutenga, pakhomo pano patsala ndani?"

"Pali munthu wina ku Boma amene akamupachika m'malo mwake. Nayenso ali ndi ana."

Adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adaloza ndi mlomo kudambo.

*

Davie amakonza nazale ya fodya. Alimi a kuno amaunjika mapesi pa bedi n'kuwatentha asanafese, kuti nthaka ipse, mbewu za udzu zife. Bedi limodzi lidali litapsa kale, phulusa lokhalokha, ndipo m'mphepete mwake ndidaona tizidutswa ta pepala takuda topiringizika. Iye adali munthu wamfupi wa mapewa otambalala. Adandiona ndikubwera, sadathawe. Adangoimika khasu.

"Ndimadziwa kuti mubwera. Ndimayesa mufika dzana."

"Mapepala aja ndi awa?"

"Ndi amenewo. Mudali makomo ambiri mmenemo, a Kopolo. Wa kwa Lufeyo, wa kutsidya, mpaka ku Nambuma. Aliyense adamulembera yake, uyu ya wamkulu, uyu ya mwana. Ndikadawasiya akafike ku Limbe, bwenzi tikuika maliro mpaka mvula."

Adanena zimenezi mosanyada, ngati munthu amene wapha njoka pakhomo.

"Munamupeza bwanji?"

"Titaika mwana ndidamva kuti akupitiriza, akulowera ku Kabudula. Ndidamudikira pa dambo. Ndidamuimitsa, ndati fafaniza zimene walemba, usakafunsenso kwina. Akuti sangathe, ndi ntchito. Akuti, 'Pepani za mwana, koma si ine.' Adakwera njinga." Adayang'ana manja ake. "Mpini udali m'manja."

"Koma nsalu munagula asanakane."

"Ee. Ndimadziwa kuti akana."

"Nanga kumufunditsa?"

Apa ndi pamene nkhope yake idasintha. "Ndimusiye agalu? Nayenso ali ndi amake kwawoko."

Ndidamuuza kuti Che Kassimu ali m'chitokosi pa Boma chifukwa cha nsalu imeneyo, ndipo akukana kumutchula. Adadziwa kale kuti adamugwira, mudzi wonse umadziwa, koma zoti akukana kunena sadazidziwe. Adakhala pansi pa mzere, n'kugwira mutu.

"Ndimati azungu amufunsa, iye anena, abwera kudzanditenga. Ndimangodikira. Bwanji sakunena?"

"Akuti amadya kwa inu."

Atadzuka adatenga khasu lake n'kuliika pansi pa chitsamba, malo oti mlongo wake adzalipeze, n'kutambasula manja onse awiri. Sindidamumange. Tidadutsa m'mudzi iye patsogolo, ine pambuyo ndikukankha njinga, anthu ali m'makonde akutiyang'ana. Ezeliya sadatuluke. Kulira kwake tidakumva tikudutsa kale pa manda.

*

Pa Boma ndidafotokozera bwana zonse, kuyambira pa sopo mpaka pa phulusa la nazale. Adamvetsera akugogoda tebulo ndi chala. Chimene chidamukondweretsa n'choti pali munthu wovomera yekha, poti mlandu wotere suchedwa kukhoti.

"Bwana," ndidatero, "nanga amene adalemba funso lija? Akapanda kuuzidwa atumiza mnyamata wina ndi mawu omwewo."

Adandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake.

"Kopolo, funso silipha munthu. Katulutse wa sitolo uja."

Ndidapita ndi makiyi, Davie ali pambali panga. Che Kassimu adali pakona, atadzikulunga bulangete limene mkazi wake adamuponyera m'galimoto. Ndevu zidali zitayamba kumera mosalongosoka, ndipo adaoneka wokalamba kuposa mmene ndidamusiyira. Ataona Davie adaimirira pang'onopang'ono.

"Che Kassimu, tulukani. Mlandu mulibe."

Sadasunthe. "Wanena ndani?"

"Wavomera yekha."

"Asanavomere, wakulozerani ndani?"

Ndidayang'ana makiyi m'manja mwanga, ndipo adadziwa kuti ndi mkazi wake. Adatseka maso.

Pakhomo pa chitokosi mpopapatiza, anthu awiri sangadutsane osakhudzana. Davie akulowa, adakumana pomwepo. Che Kassimu adavula bulangete lija, n'kumuika paphewa.

"Tengani, achimwene. Simenti ya muno imazizira."

Ndidatseka, n'kumuperekeza mpaka pa msewu. Ndimayembekeza kuti mwina anena zikomo, poti nanenso ndine munthu. Adaima akuyang'ana njira ya kumadzulo, yopita kwawo.

"Mwandichotsa chingwe m'khosi, bwana Kopolo, sindikana. Koma Nsaru yonse ikudziwa tsopano kuti mawu adatuluka m'nyumba mwanga. Munthu waika mwana wa mlongo wake, ife tamupereka kwa azungu. Ndani adzagule ngakhale singano kwa ine?"

"Mukadafa, Che Kassimu."

"Ndikadafa, ana anga akadakhala ndi sitolo."

Adanyamuka wapansi, wopanda bulangete, dzuwa likuswa mtengo. Davie adamupachika ku Zomba fodya wa chaka chimenecho asanathyoledwe, ndipo mtembo sadaubweze. Pamene ndidadutsanso pa Nsaru, chitseko cha sitolo chidali chokhomedwa ndi matabwa, ndipo palibe adafuna kundiuza kumene banja lija lidalowera.